Mawu Amene Anachotsetsa Nebert Ntchito

Tsiku limene Nebert Zikhale anachotsedwa ntchito, anali ataima m'madzi ofika m'mawondo.

Munali mu 1972. Boma linkasamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo paliponse panali fumbi, njerwa ndi ngalande. Nebert, bambo wa ana atatu wa ku Nsaru, ankakumba ngalande pa kampani ina imene inkayala mapaipi a madzi ku Area 10. Sukulu analekezera Sitandade 4, chaka chimene bambo ake anamwalira.

M'mawa umenewo ankayesa paipi yatsopano. Woyang'anira valavu, chitsulo chotsegulira ndi kutsekera madzi, anali atadwala, choncho kapitawo, mzungu wosamva Chichewa, anaimika Nebert pamalopo. Madzi atayamba kuthamanga, kapitawo uja anakuwa ali chapatali: "Throttle it! Throttle it!"

Nebert sanamve tanthauzo lake, koma anachita manyazi kufunsa. Anaganiza kuti munthu akakuwa chonchi ndiye kuti akufuna madzi aime. Anazunguliza chogwirira cha valavu mofulumira mpaka kutsekeratu. Paipi inagunda ngati ng'oma, polumikizira panaphulika, madzi n'kusefukira m'maziko a nyumba ziwiri amene anali atangothiridwa simenti.

Anamuthamangitsa pomwepo, anzake onse akuona. Anayenda pansi mpaka ku Kawale kumene ankakhala, zovala zikuumira m'thupi.

Mkazi wake, Evelina, anamvetsera nkhani yonse, kenako anafunsa: "Kodi mzunguyo anati chiyani kwenikweni?"

"Mawuwo ndawamva, koma tanthauzo lake sindikulidziwa."

"Ndiye akuchotsani chifukwa cha mawu amene simukuwadziwa? Apezeni mawuwo, bambo a Consolata. Asakuchotsetseni kawiri."

Nebert anapeza ganyu ku Msika wa Lilongwe, pa benchi ya a Chikaonda amene ankagulitsa mipopi, misomali ndi zitsulo zakale. Ankanyamula katundu ndi kupukuta dzimbiri. Mawu aja ankawabwereza mumtima kuti asawaiwale. Anafunsa anthu atatu, ndipo onse anangomuseka. Wina anati, "Chingelezi n'cha eni ake, achimwene. Inu gwirani khasu."

Loweruka lina pabenchipo panafika a Lawford Nyirenda, mmisiri wa za madzi m'boma, kwawo ku Ekwendeni, amene anali atangosamutsidwa kuchoka ku Zomba. Ankafuna mpopi wa kukhitchini. Nebert anavula chipewa.

"Pepani bwana, ndifunseko. Kodi 'throttle' ndiye kuti chiyani?"

A Nyirenda sanaseke. Anadzigwira pakhosi ndi dzanja.

"Mawuwo amayambira apa. Pa Chingelezi, 'to throttle' ndi kufinya munthu pakhosi. Amisiri anawabwereka. Ukafinya khosi la paipi, madzi amadutsabe koma ochepa. Sutseka ayi, umangochepetsa."

Nebert anangoti kukamwa yasa. Ntchito yake inatha chifukwa cha kusiyana kwa kutseka ndi kuchepetsa.

A Nyirenda anatola mavalavu awiri pa mulu wa zitsulo. "Iyi ndi 'gate valve'. Ili ngati chitseko, imafuna kutsegula konse kapena kutseka konse. Koma valavu imene ntchito yake ndi kuchepetsa kapena kuwonjezera madzi pang'onopang'ono, ngati iyi, timaitcha 'throttle valve'. Mawu omwewo ndi dzina la chinthu, komanso ndi lamulo. Akati 'throttle down', chepetsani. Mukamva madalaivala akunena 'full throttle', ndiye kuti khosi la injini latsegukiratu."

Nebert anang'amba pepala la thumba la simenti n'kuwapempha kuti amulembere.

"Mukufuna kudziwa zambiri?" anafunsa a Nyirenda.

"Zonse, bwana."

"Ndimabwera kumsika Loweruka lililonse. Muzindisungira funso."

Kuyambira pamenepo, Nebert sankalola Loweruka kudutsa popanda funso. Mkati mwa sabata ankamasula mavalavu akale a a Chikaonda kuti aone zimene zili m'mimba mwake, n'kuwamanganso. Zala zinkatupa. Zilembo zina zikamuvuta, mapepala a simenti aja ankamuwerengera ndi Evelina, amene anafika Sitandade 6.

Patatha chaka analemba mayeso a boma a amisiri. Analephera. Ntchito ya manja anaikhoza, koma mafunso a Chingelezi anamugwetsa.

Loweruka lotsatira sanafune kuonana ndi a Nyirenda. Anabisala kuseri kwa malata, koma iwo anamupeza.

"Funso la lero lili kuti?"

"Ndalephera, bwana."

"Ndamva. Koma limenelo si funso."

Nebert anaseka kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo, n'kutulutsa pepala lake. Chaka chotsatira analembanso, ndipo anakhoza.

Mu 1975, likulu litasamukiratu, anamulemba ntchito ya upulambala mongomuyesa kwa miyezi itatu pa nyumba ina ya maofesi ya nsanjika zinayi ku City Centre. Nyumbayo inali ndi vuto. M'mawa, anthu akafika, mipopi ya pansi inkalavula madzi mwamphamvu, pamene ya pamwamba inkangolira mpweya. Makalaliki ovala mataye ankakwera masitepe ndi zidebe. Akuluakulu anagwirizana zoitanitsa pampu yatsopano kuchokera kunja, imene ikanatenga miyezi isanu ndi umodzi kuti ifike.

Nebert anakhala masiku awiri akutsatira mapaipi kuchokera pamene madzi amalowera mpaka padenga. Tsiku lachitatu anagogoda pa ofesi ya injiniya. Chingelezi chake anachiyala bwinobwino, liwu ndi liwu. Anati pampu ilibe vuto, koma nthambi ya pansi ikumwa madzi onse. Ikufunika 'throttle valve' yochepetsa madzi a pansi kuti ena afike pamwamba.

Injiniya anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ukalakwitsa, miyezi yako itatu yathera pomwepa."

"Ndavomera, bwana."

Nebert anaimanga valavuyo Lachisanu masana. Lolemba m'mawa anagwira chogwirira, n'kumachepetsa pang'ono, kudikira, kuchepetsanso. Kenako pawindo la pamwamba penipeni panasuzumira mayi wina wotayipa makalata, manja ali onyowa.

"Abwera! Madzi abwera!"

Mwezi womwewo Nebert analembedwa ntchito yokhazikika. Patapita zaka zinayi anakhala kapitawo wa mapulambala khumi ndi awiri, ndipo aliyense wobwera kumene ankamuuza lamulo limodzi: "Ngati sunamve, imika dzanja. Pano wofunsa sitimuseka."

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chinthu chimene simukuchidziwa, ndipo mwakhala mukuchibisa poopa kusekedwa. Anthu atatu akhoza kukusekani, koma wachinayi adzakuyankhani. Mukalephera mayeso, kalembeninso. Msinkhu usakuopseni, sukulu yochepa isakufooketseni. Vulani manyazi, funsani, ndipo mtima wanu usagwe.