Kiyibodi ya achimwene inathera kumanda

Ndinadzuka tambala asanalire, mphepo ya ku Nyika ikulowa pansi pa chitseko. Panja amuna anali akadali pamoto, koma kukamwa kuli chete. Usiku wonse m'siwa simunamveke nyimbo, poti akuluampingo anali atagamula kale kuti achimwene anga anafera kunja kwa mpingo.

Mlandu wawo unali kiyibodi. Anaphunzira kuimba pa limba la m'tchalitchi ku Nchenachena, kenako anathawira ku Lilongwe ndi ku Joni, komwe anaimba jazi m'mahotela ndi m'mabala zaka makumi atatu. Ali gone m'chipatala anandigwira dzanja nati, "Mlongo wanga, ndisapite ngati galu. Wina adzandiimbireko." Nditavomera anangothokoza m'chinenero cha kwathu kuti, "Yewo chomene."

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo, ena kudzalira, ena kudzangoona ngati munthu wa pa wailesi amaikidwa mosiyana ndi ife. Anzawo a bandi anafika pa lole ali fumbi lokhalokha. Ndinawapatsira kuseri kiyibodi ya achimwene yaing'ono ya mabatire, nditaikulunga m'bulangete.

Tinanyamuka masana, kumangomveka mapazi. Bokosi litatsikira m'dzenje, mmodzi wa bandi anaika kiyibodi pamaondo nayamba nyimbo yodekha ija achimwene ankatsekera dansi. Sanafike nayo patali. Abambo aang'ono, omwe ndi mkulu wa mpingo, analanda khasu kwa adzukulu okumba manda. "Kuno kwagona makolo athu, si ku bala kuno!" Anatema kamodzi, kiyibodi n'kung'ambika pakati. Woimba ng'oma anawatchaya chibakera pakamwa, adzukulu anamugwetsera pamulu wa dothi n'kuyamba kumuponda. Nkhata zinaphwanyika, amayi anabalalika akukuwa. Ine ndinawakoka malaya abambo aang'onowo, ndinawatukwana mawu oti sindingalembe pano, ndipo mpaka lero sindinapepese. Mpini unandipeza pachipumi, magazi n'kutsikira m'diso.

Anthu atalanditsa, adzukulu anakwirira mwachangu, akukankhira zidutswa za kiyibodi m'dzenje momwemo pamodzi ndi dothi. Palibe anapemphera.

Madzulo nyumba inali zii. Ndikumasula chitenje kuti ndichape magazi, panagwa kachidutswa kamodzi koyera ka pa kiyibodi, kodyeka pakati pomwe chala cha achimwene chinkagunda. Ndinakaika patebulo n'kukadina. Sikanalire. Ndiye ndinatseka chitseko, ndinaimba ndekha nyimbo ija ndi pakamwa panga, chipumi chili chotupa, kuyambira pomwe khasu linaidula mpaka kumapeto.