Bambo mu Jazi ya Amalume

Chisekese cha bambo chinali cha zitsekerero za mabotolo zotungidwa pawaya, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Anachipanga okha chaka chimene anabwerako ku Zambia ntchito ya pa esiteti itatha, ine ndili Sitandade 4.

Anabwera ali duu. Kwathu ku Mkanda anali mkamwini, ndipo mkamwini wobwera chimanjamanja amayenda monyang'ama ngakhale pakhomo pake. Ankangokhala pakhonde, mpaka masana ena anamva jazi ya amalume ikuyeserera patsinde pa mango, banjo ya chigubu cha mafuta ndi babatoni, chigitala chachikulu cha mawu a besi. Ananyamuka, nakakhala nawo osaitanidwa.

Ndinene chilungamo, bambo anga nyimbo sankaitha ngakhale pang'ono. Anzawo akalowa, iwo ankachedwa. Anzawo akaima, chisekese chinkapitirira chokha, ana n'kumaseka. Ine manyazi ankandigwira mpaka m'makutu. Ajazi anayesa kusamukira kuseri kwa chigafa cha fodya, koma kodi babatoni amabisika? Tsiku lotsatira bambo ndi amene anayamba kufika.

Zinavuta pamene aphunzitsi anaitana jaziyo kuti ikaimbe pa ukwati wawo. Anyamata a mujaziyo anauza amalume mosapsatira kuti, "Alamu anuwa akakakhalapo, ife sitipita." Mayi atamva anapita kwa amalume, ine ndili pambuyo.

"Achimwene," anatero mayi, "mukawachotsa pamenepo, abwerera kwawo. Chikwama chawo sanamasule n'komwe."

Amalume anangoti, "Ndamva."

Tsiku la ukwati dzuwa linaswa mtengo, pabwalo pakununkhira thobwa ndi fumbi. Amalume anawakhazika bambo pabenchi limodzi ndi iwo, mapewa kukhudzana. Nyimbo itayamba ndinaona nsapato ya amalume, ya tayala la galimoto, ikutera paphazi la bambo. Kuponda, kudzutsa, kuponda, kudzutsa. Chisekese chinayamba kulira paliponse pamene nsapato yatera. Amalume akakanikiza osadzutsa, bambo ankaima limodzi ndi anzawo. Anthu anavina mpaka fumbi koboo, ndipo palibe anaseka.

Titafika kunyumba zala za bambo zinali zitatupa. Mayi ankawathowa ndi madzi ofunda, iwo akuseka chikhakhali, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chibwerereni. Mvula itagwa bambo analima mtedza munda wonse wa kumtunda. Anaimba ndi jaziyo mpaka imvi zinatuluka, osaphunzira kulowa okha, ndipo malo awo anali omwewo, pambali pa amalume.

Koma ine ndinawakwiyira amalume masiku ambiri. Akandipatsa moni ndinkayankhira kukhosi, akandituma ndinkazengereza. Chimene ndinaona ndi munthu akuponda bambo anga pamaso pa mudzi wonse ndi aphunzitsi anga omwe. Sindinkadziwa kuti phazi limenelo ndi limene linkawagwira kuti asatisiye.