Tsiku limene a Nachisale anatseka pakamwa

Lamlungu lapitali ndinakwera kabaza kupita kwathu ku Chezi kukaonera "Mkamwini Waulesi". Abale, ndabwerako thupi lili zii.

Kwa inu osalidziwa, ili ndi sewero lanthabwala la kwaya ya kutchalitchi kwathu, loimba lokhalokha. Lidayamba ine ndikuyenda chosavala. Laseweredwa pansi pa mitengo ya mango, m'chigafa cha fodya mvula itavuta, mpaka ku Malomo komwe akuti bambo mfumu adaseka mpaka kutsamwa. Silidalembedwepo papepala.

Mtima wa seweroli ndi a Nachisale, amene amasewera ngati apongozi kuyambira kalekale. Poti mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso, iwo amamufulatira n'kumadandaulira ife oonera, m'Chichewa chathu cha kumapiri kuno, chomwe a m'tauni amatiseka nacho. Akafika pakati amaima, n'kuloza bambo wina m'gulumo: "Nanga inu, mwalima mizere ingati chaka chino?" Bamboyo akangoyankha, iwo amapeka pomwepo nyimbo yomuvula ulemu. Timapitira zimenezo.

Chaka chino mphunzitsi watsopano wa kwaya, a Gelevazio, anakajambulitsa nyimbo zonse ku situdiyo ku Mponela. Mbali ya apongozi inaimbidwa ndi mtsikana wina wa mawu osalala, Chichewa cha pa wailesi. Osewera ntchito yawo n'kungogwedeza milomo, sipika ikuimba.

Ndinawafunsa a Gelevaziowo chifukwa chake sewero lisanayambe.

"Akulu, dziko likusintha," anatero. "Tikufuna lifike pa mafoni. Kalankhulidwe ka agogowa anthu akutali sangakamve."

A Nachisale anayesetsa ndithu, milomo ikuthamangitsana ndi mawu a mwana woti n'mdzukulu wawo. Atafika pamalo paja, mwachizolowezi analoza a Bizaliyele, mkulu wodziwika ndi kugona masana. Anthu tinakonzeka. A Bizaliyele anaimirira, akumwetulira kale. Asanatsegule pakamwa, sipika inali italowa nyimbo ina.

A Bizaliyele anakhala pansi mwamanyazi.

A Nachisale anatsitsa chala pang'onopang'ono, n'kutseka pakamwa. Anangoima njo, manja kumbuyo, mawu a mtsikana uja akupitiriza okha kukalipira mkamwini. Palibe anaseka. Ine ndinachita manyazi ngati ndawaona akusamba.

Kodi anatilowa liti matenda amenewa? Chathu chikangokoma, timathamangira kukachitsuka kuti alendo achikonde. Pa ukwati tikuvinira sipika, kwaya ili cheucheu. Mwana akalankhula ngati agogo ake timamudzudzula kuti ndi zachimidzi. Sindikudana ndi foni ayi, nanenso ndili nayo. Koma anthu akutaliwo adatituma? Ndani adadandaula kuti sakumva? Ku Malomo kuja adaseka ndi chiyani?

Sewero litatha ndinawapeza a Nachisale kuseri kwa tchalitchi, akupinda chitenje chosewerera.

"Mayi, pepani," ndinatero.

"Mwanawe," anayankha, "ndidaimba seweroli ndili ndi pakati. Ndidaliimba patangotha sabata ziwiri nditaika amuna anga. Lero ndili bwinobwino, mawu alipo, akuti ndikhale chete." Anandipatsa chitenjecho. "Ukawapatse a Gelevazio. Akaiveke sipikayo."

Chitenjecho ndili nacho kunyumba, sindinakapereke. A Gelevazio, ndikufunseni pano: chaka chamawa, a Bizaliyele akadzaimiriranso, adzawayankhe ndani?