Timatumba ta Nsalu ya Nkhanga

Atelala a kuseri kwa msika ndi mayi wolongolola. Makina akamasokosera iwonso amasokosera, ndipo wobwera kudzapinditsa siketi amachoka atamva mbiri yonse ya bondo lawo lopweteka. Zoti ali ndi kachilombo ka HIV sabisa. Mankhwala amamwa aliyense akuona, ndipo munthu akawayang'anitsitsa amamufunsa kuti, "Ndikugawireni?"

Anzawo a m'gulu la amayi omwe ali ndi kachilomboka, amene amakumana m'shopumo chitseko chili chotseka, sali olimba mtima choncho. Iwo chinkawasautsa ndi botolo. Botolo la mankhwala silisunga chinsinsi: minibasi ikangogunda bampu, mapilisi ayamba kale kuimba m'chikwama. Atelala anapeza nzeru. Anasoka timatumba tothina ta thonje m'kati, botolo likalowamo n'kukhala chete.

Koma Atelalawa ndi oumira, abale! M'malo mogula nsalu zosiyanasiyana, anatenga mpukutu wachikasu wa zithunzi za nkhanga umene unakanika kugulika, n'kusokera aliyense. Posakhalitsa chobisira chija chinasanduka yunifolomu. Amayi osadziwana akatsegula zikwama m'sitolo, nkhanga zinkasuzumira uku ndi uku, eni ake n'kuyamba kupatsana moni ngati pachibale.

Tsiku lina m'shopumo munalowa mtsikana wa m'gulumo, wogulitsa matimati. Anali atangokwatiwa kumene ndipo ankakhala nyumba imodzi ndi apongozi ake aakazi. Mwamuna wake ankadziwa zonse, koma apongoziwo mtsikanayu ankawaopa koopsa.

"Atelala, mwandiphetsa!" anatero. "Kathumba kanga ndinakachapa n'kukayanika mobisa kuseri. Ndakapeza kali pachingwe pakati pa bwalo, kopanidwa ndi mapegi. Amayi aona basi, andithamangitsa. Dzulo sindinamwe n'komwe, ndipo botolo ndikalitaya m'chimbudzi."

Apa Atelala anasowa mtendere. Iwo ankawadziwa bwino lomwe apongoziwo. Amabwera m'mamawa atadziphimba mpango, ati kudzasoketsa makatani, ndipo makataniwo sanathe mpaka lero. Koma lamulo la m'gulumo ndi limodzi: za mnzako sunena. Mawu anafika pakhosi, iwo anameza, thukuta lili kamukamu. Ine ndikuti tsiku limenelo anavutika kuposa wodwala dzino.

"Imwa kaye mankhwalawo, madzi awa," anatero. "Ukatha tipitire limodzi. Akakuthamangitsa ukagona kwathu."

Anapeza apongoziwo ali pakhonde akusankha nyemba. Pachingwe pankalendewera timatumba tachikasu tiwiri, tofanana ndendende. Mtsikana uja anangoti kukamwa yasa.

"Inu Atelala," anayamba apongoziwo osadzutsa mutu, "nsalu zina zinatha padziko pano? Ndakhala ndikusinthanitsa matumba ndi mpongozi wanga osadziwa."

Atelala anaseka mpaka kugwira bondo lija. Mtsikanayo sanaseke, misozi inali italengeza m'maso.

"Amayi, ndimaopa kuti mukadziwa..."

"Kanu ndi kakumanzereko, kaanuleni." Apongoziwo anaika lichero pansi n'kumuyang'ana. "Dzulo sindinakuoneni mukutunga madzi omwera nthawi yanu ija. Musadzayerekezenso, mwana wanga. Bambo a mwamuna wanuyu ankabisa botolo lawo padenga chifukwa cha manyazi, mpaka ndinawaika m'manda. Inu sindikuikani."