Galu Wobisa Maso ku Springfield

Tinkachita lendi chipinda chapansi m'nyumba ya mayi wina wachizungu ku Springfield. Bambo a mwana ankalawirira kusukulu, akachoka uko n'kupita kuntchito. Ine ndinkatsala ndi mwana komanso galu wa eni nyumba.

Galuyo sindinamuonepo maso. Ubweya wake wotuwa ndi woyera unkatsika kuchokera pamutu mpaka pamphuno. Mchira analibe, ndipo akamayenda ankangokhala ngati mtolo wa udzu wamera miyendo. Kwathu galu amagona panja, ndipo umaona kumene akuyang'ana. Nanga uyu ndikanadziwa bwanji zimene akuganiza?

Ndiye mwana sindinkamutsitsa ayi. Kuphika ali kumbuyo, kuchapa ali kumbuyo, ngakhale kubafa. Chaka chinakwana, miyezi n'kumapita, iye osayenda. Ku koleji ya uphunzitsi ndinaphunzira ndithu kuti mwana amafunika kukwawa, koma mantha sadziwa satifiketi. Msana unkandiwawa moti ndinkagona chafufumimba.

Tsiku lina kutchalitchi mayi wina wa ku Chipata anamugwira mwanayo timiyendo.

"Amake mwana, mwachita kumusokerera kumsanako? Adzakwatira muli chimuberekere ameneyu!"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma njira yonse yobwerera ndinkangomusisita mawondo, kudzifunsa ngati ndamulemaza ndekha.

Eni nyumba anayesa kundilimbitsa mtima. Anati agalu a mtunduwu anachokera ku Mangalande, kumene ankaperekeza nkhosa kumsika, ndipo ubweyawo unkawatchinjiriza ku mvula ndi chisanu.

"Amaona bwino kuposa ine," anatero m'Chingerezi. "Nkhosa saziluma, amangozikankha."

Ine chamumtima ndinati mwana wanga si nkhosa.

Tsiku lomwe ndinamutsitsa sikunali kulimba mtima, kunali kutopa basi. Mfundo ya chitenje inali itandicheka pachifuwa. Ndinamukhazika pakapinga kuseri kwa nyumba, ine n'kudzigwetsa pamasitepe. Galu uja anabwera. Mwana anagwira ubweya ndi manja onse awiri, kudzikoka, n'kuimirira. Galu anasuntha pang'ono, mwana anaponya phazi, kenako linzake, n'kugwa chamatako. Galu anangoima phee, kudikira.

Madzulo ake ndinakhalira kumuchotsa mwana ubweya m'kamwa ndi m'mipata ya zala, mtima ukadali m'mwamba. Galuyo sindinasiye kumuopa mpaka tinasamuka. Koma m'mawa mwake mwana ndinamutsitsanso.