Tsitsi la Mang Doroy ndi Mpira Umene Sitinauone

Mang Doroy wameta mitu ya tauni yonse ino, ya makanda, ya akwati, ngakhale ya maliro, koma wake unatha zaka zoposa makumi atatu osalawa sizasi. Ine ndine Aling Bebang (kuno Mang ndi ulemu wa abambo, Aling wa amayi), ndimakazinga nthochi pakhomo pa babashopu yake kuyambira ndili mtsikana, ndiye za iyeyu musandiuze. Tsitsilo ndinaliona likudutsa makutu, likufika m'mapewa, mpaka m'chiuno. Linayamba lili bii, linathera imvi zokhazokha. Mlendo akalowa n'kuyamba kuseka kuti wometa wosameta ndiye uti, Doroy ankangokutumula nsalu yake.

"Khalani pansi, pare, bwanawe. Mwabwera ndi mutu wanu kapena wanga?"

Nkhani yake ndi ya basiketibolo, monga zilili nkhani zambiri kuno. Chaka chimene anasiya kumeta, m'ndime yomaliza ya ligi yaikulu munatsala matimu awiri: Bituin, ya kampani ya nsomba zam'chitini, ndi Haligi, ya kampani ya simenti. Tauni inagawikana pakati. Mabanja ena ankadya osayankhulana. Ine ndinali wa Haligi, ndipo ndikadali wa Haligi, wina afune asafune. Doroy anali wa Bituin mpaka m'mafupa. Masewero asanayambe anapita kutchalitchi, nagwada pamaso pa chifaniziro cha Petulo Woyera, mtetezi wa asodzi athu, n'kuchita panata, chowinda chija munthu amawinda kwa woyera mtima. Anati sizasi sidzakhudza mutu wake kufikira Bituin itanyamula chikho. Mkazi wake, Pacing, anangoseka. Ankaona ngati ndi za masabata awiri.

Matimuwo anagwetsana mosinthana mpaka sewero lotsiriza, lachisanu ndi chiwiri. Wailesi yakanema mumsewu mwathu inali imodzi yokha, ya m'babashopumo. Anthu anadzaza mkati, ena pazenera, ena atakwerana pamapewa. Nthawi ikutha, Haligi inali patsogolo ndi pointi imodzi. Mpira unafika m'manja mwa Kidlat Samonte, kamnyamata kowonda ka Bituin, ali kutali ndi golo. Anadumpha, anauponya, mpira uli m'malere, magetsi n'kuthima.

Inde, anathima. Masiku amenewo ankathima ngati akuchita dala. Tinathamanga uku ndi uku kusaka wailesi ya mabatire, ndipo pamene tinkaipeza, woulutsa anali akukuwa kale kuti Haligi ndiyo akatswiri. Mpira unalowa ndithu, koma oyimbira anati belu lomaliza linalira usanachoke m'manja. Chaka chotsatira kampani ya nsomba ija inathetsa timu. Bituin inafa, n'kumusiya munthu ndi chowinda chosatha kukwaniritsa.

Wansembe wa nthawiyo anamuuza kuti chowinda chotere chimamasuka chokha. Doroy anamuyang'ana m'maso nati, "Ndinalonjeza Petulo, Bambo, osati inu." Nkhani inathera pomwepo.

Choseketsa n'chakuti m'tauni muno palibe ndi mmodzi yemwe amene anauona mpira uja ukulowa. Tonse ndife akandimverere. Koma pitani ku babashopu Loweruka masana, mukapeza madoda okhaokha a mano atatu akulumbira pali amayi awo kuti anaona.

"Unachoka m'manja belu lisanalire! Ine chala cha Kidlat ndinachiona chikuwongoka!"

"Munachionera pati, Mang Doroy, mumdima muja?" ndinkatero ine ndili pa chiwaya changa. "Kapena muli ndi maso a mphaka?"

"Inu Aling Bebang, kazingani nthochi. Anthu a simenti mitu yanu inauma kalekale."

"Yathu inauma, yanu inamera tchire!"

Anyamata a masiku ano anabwera ndi kanema wa sewerolo pafoni, wosaoneka bwino, anthu ake ngati mizukwa. A Haligi tinaona belu likulira kaye. A Bituin anaona mpira uli kale m'mwamba. Doroy anabweza foniyo osamaliza n'komwe kuonera. Anati choonadi sichikhala m'kanthu kolowa m'thumba la kabudula. Ndinamuda tsiku limenelo, komanso ndinamusirira, chifukwa ine ndilibe chinthu chimene ndinachigwirapo chotero.

Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti tsitsi lija linali ndi mwini wake wina. M'mawa uliwonse, shopu isanatsegulidwe, Doroy ankakhala pa kampando kuseri, Pacing n'kumalipesa, kulipaka mafuta a kokonati, kuliluka chingwe chimodzi chachitali. Ankalalata uku akuluka, kuti anakwatiwa ndi mwamuna koma akusamalira mchira wa hatchi. Pacing atamwalira, mwana wawo yekhayo, Luningning, amene timangomuti Ning, anatenga chipeso chija osauzidwa ndi munthu. Analuka ali pasukulu, analuka atayamba ntchito ya unamwino. Ine ndinkamva zonse, pakuti pakati pa khitchini yanga ndi kuseri kwawo pali matabwa okha.

Ndiye Ning anapeza mwamuna, Arnel, mnyamata wofatsa bwino. Vuto linali bambo ake. Mang Celso Dimaculangan ali ndi mabwato a usodzi, ndi wa Haligi woposa ine, ndiponso ndiye amatsogolera amuna onyamula chifaniziro cha Petulo pa chikondwerero cha mu Juni. Chaka chimenecho ankadandaula paliponse kuti tsitsi lovala la woyerayo ladyedwa ndi njenjete, Petulo watsala ngati nkhuku yonyowa, ndipo palibe mkazi wofuna kupereka lake.

Tsiku lodzafunsira mbeta anabwera ndi nkhanu, nsomba zootcha ndi mpunga wa banja lonse. Ine anandiitana kuti ndithandize kugawa. Zonse zinkayenda bwino mpaka mkazi wa Celso, Aling Corazon, anapukuta pakamwa n'kunena kuti paukwati padzakhala anthu olemekezeka, ndipo zithunzi zimakhala mpaka kalekale. Sanatchule tsitsi. Anangoliyang'ana.

"Ndinawinda," anatero Doroy.

Celso anaseka, n'kutsamira pampando. "Balae," anatero, pakuti ndi mmene amaitanirana makolo a mkwati ndi a mkwatibwi, "ndithandizeni nzeru. Mumati mpira uja unalowa nthawi ilipo?"

"Unalowa."

"Ndiye kuti Bituin inapambana?"

"Inapambana, anangoibera."

"Nanga tsitsili likudikira chiyani? Ngati inapambana, metani. Ngati simumeta, ndiye kuti mutu wanuwo wakhala ukuvomereza zaka zonsezi kuti chikho ndi chathu. Pakamwa pakukana, tsitsi likuvomera!"

Anthu anaseka, ine ndemwe ndinaseka. Koma nditayang'ana Doroy, kuseka kunandithera. Anali atagwira njakata, nkhanu ili m'manja.

Sabata yonse babashopu inali zii. Ankameta osayankhula, ndipo madoda a Loweruka anabwera, nakhala pang'ono, n'kumabalalika. M'mawa wina ndinamva Ning akuluka.

"Tay, bambo anga, ine za zithunzi ndilibe nazo ntchito. Mukafuna mudzandiperekeze nalo mpaka kuguwa."

"Ndiye vuto n'chiyani, mwanawe?"

"Ndikapita ku Lipa ndi Arnel, adzakulukani ndani? Manja anu safika kumbuyo. Mudzakhala ngati wamisala wa pamsika, ine ndili kutali ndikudziwa."

Ndinangomva chipeso chikuyenda.

Ning, mwa chikondi chake, anakachonderera Celso kuti angovomera, nkhani ithe. Celso anabweradi masana ena, atavala chipewa chake choyera, naima pakhomo akumwetulira ngati wopereka mphatso kwa ana amasiye.

"Chabwino, balae. Chifukwa cha ana athuwa, tinene kuti unalowa nthawi ilipo. Mwapambana. Metani."

Doroy anasiya munthu ali ndi thovu kumasaya, n'kuloza Celso ndi lumo.

"Tinene? Mukundipatsa chikho ngati mukuponyera galu fupa? Tengani chifundo chanucho mukadyetse nsomba. Inu mumakhulupirira kuti belu linalira kaye, ndiye khulupirirani chomwecho mpaka kumanda, ngati mwamuna. Tulukani!"

Apo ndinati basi, ukwati wapasuka. Corazon anali atayamba kale kuuza anthu kumsika kuti mwana wake sangalowe m'banja la anthu osamva. Ning anasiya kudya. Ndinamukalipira Doroy pamaso pa makasitomala ake, kuti timu inafa, osewera ake ena ali kumanda, ena akuyenda ndi ndodo, iye akufuna kupha chimwemwe cha mwana wamoyo chifukwa cha mpira umene sanauone n'komwe.

"Aling Bebang," anatero, "zaka zonsezi ndimadikira ndani kuti andiuze kuti tinapambana?"

"Oyimbira, kaya."

"Oyimbira omwe aja?"

Mawa lake m'mawa anatulutsa mpando wometera n'kuuika pakati pa msewu. Anavala malaya akale a Bituin, a buluu ndi chikasu, othina pamimba, obooka m'khwapa. Oyendetsa njinga zamoto zonyamula anthu anaima, amayi a kumsika anabwera ndi madengu awo, wina anathamanga kukaitana Celso. Doroy anakwera pa kampando ka Pacing kaja.

"Tamverani nonse, makamaka inu a simenti! Ndinalakwitsa chinthu chimodzi chokha. Ndinkadikira akuba kuti abweze okha katundu. Petulo sanali woyimbira, ndipo kumwamba magetsi sanathime. Iye anauona mpira uja. Bituin ndi akatswiri, ndipo lero ndikukwaniritsa chowinda changa. Amene zamuwawa akadziponye m'nyanja!"

Msewu unaphulika. A Bituin, amene ndinkayesa anatha kufa, anatulukira m'makona monse akumenya zivundikiro za mapoto. Ife a Haligi tinakuwa kuti bodza, bodza! Doroy anakhala pampando, napereka sizasi kwa Ning. Mtsikanayo analiluka kaye komaliza, pang'onopang'ono, monga ankachitira mayi ake, kenako analidula pafupi ndi khosi. Sizasi inavutika. Chingwe chija chitagwera m'manja mwake, ndinaona khosi la Doroy, loyera mbuu, lopyapyala ngati la mwana. Ndinalira ine, wa Haligi, nthochi zikupserera m'chiwaya.

Ukwati unachitika. Pazithunzi Doroy akuoneka ngati mlendo. Ning anapita ku Lipa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamvabe kampando kaja kakukokedwa kuseri. Ankakhalapo kanthawi, yekha, kenako n'kukatsegula shopu. Tsitsi lija palibe amene anadziwa kumene linapita, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa.

Tinadziwa pa chikondwerero. Mabelu analira, oimba malipenga anayamba, zitseko za tchalitchi zinatseguka, ndipo Petulo Woyera anatuluka pamapewa a amuna ake, makiyi ali m'manja. Kumutu kwake kunali tsitsi latsopano, la imvi zonyezimira, lokhuthala, lofika m'mapewa, ndi ndevu zomwe. Amayi anayamba kunong'onezana kuti sanamuonepo woyerayo akukongola chotero. Chowinda chimapita kwa amene unamuwindira, ndipo Doroy anali atakalipereka mwakachetechete kwa masisitere amene amaveka zifaniziro. Kumbuyo, pansi pa tsitsilo, ine ndinaona timaulusi tiwiri, ta buluu ndi chikasu, tomangidwa mfundo imene ndimaidziwa bwino. Inali ya Ning.

Kutsogolo kwenikweni, mtengo wonyamulira uli paphewa, kunali Celso. Anazindikira tili pakati pa msewu, mphepo itabweretsa fungo la mafuta a kokonati. Anatembenuza khosi, nayang'ana m'mwamba, nkhope yake n'kusintha. Koma wonyamula woyera satula panjira, ndipo ulendo wake ndi wozungulira tauni yonse mpaka kudoko, dzuwa lili pamutu.

Doroy anayenda pambali pake njira yonseyo, atavala malaya othina aja, kandulo ili m'manja.

"Pepani ndi katundu, balae. Nyamulani bwino, mwasenza akatswiri."

"Belu linalira kaye!" anatero Celso, mano ali gwa, thukuta lili kamukamu.

"Eya, mwayamba kuyankhula ngati mwamuna. Chaka chamawa mudzanyamulanso."

Belu linalira kaye, zimenezo ine ndidzafa nazo. Koma Petulo atafika pakhomo pa babashopu, ndinaona dzanja la Doroy likupita lokha kumbuyo kwa khosi, kukafuna chimene kulibe, n'kubwerera lopanda kanthu. Anthu onse a Haligi mumsewu mwathu anali atagwada pamaso pa tsitsi lija. Ndinazimitsa moto pachiwaya, nanenso ndinagwada.