Mapapo a Bambo Sandifolo

Bambo Fainos Sandifolo anabadwira mu komboni ya pamgodi wa ku Lalapanzi. Bambo awo anachokera ku Ntcheu wapansi, kudzakumba miyala ya kuromu, ndipo a Fainos atakula analowa dzenje lomwelo. Ankaboola thanthwe ndi jekihama, n'kumatuluka madzulo atayera fumbi ngati agubuduka m'phulusa. Mgodi utatsekedwa, anatsala ndi chifuwa chosamva mankhwala, moti anasamukira kwa mwana wawo wamkazi, Benedicta, ku Ascot, m'tauni ya Gweru.

Benedicta ndiye anawakokera ku chionetsero cha sayansi chimene chimachitika chaka ndi chaka mu Gweru, atamva kuti kumeneko akuyeza anthu ulere. M'matenti munali phokoso, ana asukulu akuthamangitsa timagalimoto toyendera dzuwa. Mu tenti ya zaumoyo, nesi wina anawapatsa kapaipi kolumikizidwa ku botolo lokhala ndi kampira m'kati.

"Uzirani mwamphamvu, sekuru," anatero, kuwatchula agogo m'chilankhulo cha kumeneko.

Anauzira mpaka maso kufiira, koma kampira ka m'botolo kanangogwedezeka pang'ono. Nesiyo anawafunsa ntchito imene ankagwira, kenaka anawaonetsa zithunzi ziwiri za mapapo. Ena anali oyera bwino, ena odzaza timadontho ngati mapira.

"Anuwa ayenera kuti ali chonchi. Mupite kuchipatala akakujambuleni."

"Nanga sangatsukidwe?"

Nesi anapukusa mutu. "Fumbi la mwala likakhazikika silichoka. Chotheka n'kuteteza amene sanadwale."

Bambo Sandifolo sanaganize za chipatala. Maganizo anathamangira kwa Talkmore, mwana wawo wamwamuna, yemwe ankakumba kuromu ndi makorokoza, anthu okumba mwa iwo okha, m'maenje akale aja, wopanda ngakhale kansalu kumphuno. M'mawa mwake anakwera kombi yopita ku Lalapanzi. Anamupeza akutuluka pansi, thumba la miyala lili paphewa, ndipo anamufotokozera zonse, akupumira pakati pa mawu.

Talkmore anamvetsera mwaulemu, maso ali pansi.

"Ndamva, baba. Koma ndikasiya, azukulu anu adya chiyani?"

Bambo Sandifolo anavula mpango wa m'khosi mwawo n'kumumanga pakamwa ndi pamphuno. Talkmore sanakane, ngakhale onse awiri ankadziwa kuti mpango sutchinga fumbi lotero.

Bambo Sandifolo anamwalira m'nyengo yozizira, atakhala tsonga pampando, chifukwa kugona chagada kunkawabanika. Anawaika ku Lalapanzi pafupi ndi bambo awo. Nthaka ya kumeneko ndi yamiyala, adzukulu okumba manda anatopa msanga, choncho Talkmore analanda piki n'kumaliza yekha. Lolemba anabwerera kudzenje la kuromu.